Tosita ya Pansi pa Bedi

Tsiku la Yosefina linkayamba ndi madzi. Asanasukusule n'komwe ankanyamula zigubu kupita kumpopi wa kuseri kwa nyumba, chifukwa wochedwa ankapeza mzere wafika kumsewu, mpopi nawo wayamba kutsokomola mpweya. Akabwerako ankakoleza mbaula n'kutereka madzi osamba a mwamuna wake, Matiyasi, amene ankanyamula anthu ndi katundu pa njinga yamoto kuchokera m'tauni ya Chipata kupita kuboda ya Mwami. Kenako inali ntchito yodzutsa Mphatso, mwana wake woyamba, kumusambitsa akulirira tulo, kumupesa, kumuveka yunifolomu ndi kumufunira kamba wa kusukulu. Chikondi, wakhandayo, ankayamwa amake ali chiimire. Matewera ankaviikidwa m'beseni, pakhomo pankasesedwa, mbale za dzulo zinkatsukidwa, ndipo dzuwa likakwera Yosefina ankathamangira kumsika kukasankha tomato wofewa, uja amatsika mtengo ogulitsa akayamba kuyasamula. Sanali mkazi wodandaula. Ankati kudandaula sikuchapa thewera.

Banjali linkachita lendi chipinda chimodzi mumdadada wa amake Boyd ku Nabvutika. Zipinda zonse zinali pansi pa denga limodzi, ndipo makoma ozigawa sankafika kumalata, moti Leticia, woluka tsitsi wa chipinda choyandikana nacho, akayetsemula Yosefina ankamva ngati wamuyetsemulira m'khutu. Komabe chipindacho Yosefina ankachigwira ndi manja awiri. Sukulu ya Mphatso inali pafupi, ukaima pakhomo belu umalimva. Iye mwini sukulu anaisiyira mu Giredi 9, mimba ya Mphatso yemweyo itayamba kukankha yunifolomu, ndipo kwawo ku Kasenengwa ankadziwa mmene zimakhalira: sukulu ili kutsidya kwa mtsinje, mvula ikagwa ana amangokhala pakhomo kuingitsa nkhuku. Analumbira mumtima kuti pamene iye anagwera, mwana wake adzadumphapo. Chipindacho ndicho chinali mlatho wake.

Mdadadawo unali ndi lamulo limodzi lolimba. Mita ya malaiti inali imodzi, m'nyumba mwa amake Boyd, pamodzi ndi swichi yaikulu yozimitsira zipinda zonse, ndipo mayunitsi onse ankasonkherana mofanana. Choncho babu, foni, wailesi ndi TV zinali zololedwa, koma chilichonse chotentha ayi: sitovu, ketulo, ngakhale simbi ya malaiti. Aliyense ankadziwa za banja limene linkakhala m'chipinda cha Yosefina iye asanabwere. Linapezeka ndi kasitovu m'katoni, ndipo mwezi usanathe katundu wake anali pawilibala.

Nkhani inayambira m'kambale ka Mphatso. Tsiku lina kanabwerako mbatata ili momwemo. Mawa lake chimodzimodzi.

"Iwe, mbatata yakulakwira chiyani?" anafunsa Yosefina.

"Anzanga amandiseka. Akuti ndimanunkha kumunda."

"Nanga iwo amadya chiyani, mitambo?"

"Buledi wa makona atatu. Wotsekeka m'mbali, mkati muli dzira. Amake Esther ali ndi tosita."

Yosefina sanali mayi womusemera mwana chilichonse chimene walirira. Koma mawu akuti kununkha kumunda anamulasa pachilonda chakale, ndipo atakhala pansi n'kuganiza anaona kuti nkhaniyo inali ndi mutu. Makala anali atakwera. Buledi wogona ankagulitsidwa motsika pagolosale, ndipo akuti tosita imamudzutsa buledi wotero n'kukhala ngati wa lero. Mwana wodya kusukulu amamva za aphunzitsi, wanjala amangomva za m'mimba. Madzulo anauza Matiyasi.

"Tosita si yotentha imeneyo?" anatero Matiyasi akupukuta nsapato. "Funsani kaye amake Boyd."

"Kufunsa n'kuitana ayi. Ndikafunsa andikaniza, kenako diso lawo likhala pachitseko changa."

"Nanga akakugwirani?"

"Kanthu kake n'kakang'ono ngati mbale, atate ake Mphatso. Kadya mayunitsi angati? Inu mungodikira kudya."

Matiyasi anangopukusa mutu. Ankamudziwa mkazi wake: akaloza chala, phazi limatsatira.

Mtedza umene amayi ake anamutumizira kuchokera kumudzi anaugulitsako, n'kupita kumashopu a kumunsi kwa tauni, m'sitolo ina yogulitsa ziwiya za malaiti, zatsopano ndi zakale zomwe. Atangolowa anamva dzina lake.

"Yose! Ndiwe? Mayo ine, wanenepa bwanji! Ana angati tsopano?"

Anali Maureen, amene ankakhala naye desiki imodzi kusukulu. Maureen anamaliza Giredi 12, ndipo tsopano anali kuseri kwa kauntala, zikhadabo zopaka, makiyi a sitolo ali m'khosi. Sanafunse mwachipongwe, anali wokondwa ndithu. Koma Yosefina anadziona ndi maso a mnzakeyo: chitenje chofwifwa, patapata, mwana kumsana akutafuna ngodya ya nsalu.

"Awiri basi. Ndikufuna tosita, yanga ija yatha."

Bodza loyamba linatuluka lokha ngati mpweya. Maureen anatsitsa ziwiri. Ina inali yatsopano, m'katoni yake, yokhala ndi timagetsi tiwiri, kofiira ndi kobiriwira. Inayo inali yakale, yolemera, yasiliva, chingwe chake chomangidwa ndi tepi pafupi ndi pulagi, mtengo wake wochepa kwambiri. Yosefina anazinyamula zonse, kuyesa kulemera kwake, kutsegula, kutseka, kukanda mkati ndi chala. Yatsopanoyo inamukomera, koma ndalama za mtedza sizikanafika, ndipo kunena zimenezo pamaso pa Maureen kunali ngati kuvula pamsika.

"Zatsopanozi ndi mapulasitiki okhaokha," anatero. "Ine ndimakonda zachitsulo."

"Zoona, ndi yolimba. Koma Yose, iyi ili ndi khalidwe lake. Ukudziwa kuti zinazi zikatentha zimadzi..."

"Ndikudziwa, mwana wa amayi. Si lero ndayamba kugwira tosita. Kulunga."

Maureen anameza mawu ake n'kukulunga. Chimene ankafuna kunena Yosefina anachiphunzira yekha kunyumba, buledi woyamba atasanduka khala. Tosita ija inalibe swichi, inalibe kagetsi, ndipo sinkadzizimitsa yokha. Ukailumikiza inkangotentherabe mpaka utazula pulagi. Akanatha kuibweza. Koma kubwerera kwa Maureen n'kukanena kuti sindinkadziwa? Anasankha kuiweta ngati galu woluma: ukamumasula, usamuchotsere diso.

Ndipo anaiwetadi. Anaphunzira kupaka majarini kunja kwa buledi kuti asakakamire. Anaphunzira kuti dzira umayamba walikazinga pang'ono, kuti tomato wambiri amanyowetsa, kuti chiponde chikatentha chimawotcha lilime, kuti popukuta mkati umagwiritsa kansalu, osati mpeni. Soketi yawo inali imodzi, kuseri kwa mutu wa bedi, choncho ankaikankha bedi pang'ono, kulumikiza, kugwada pansi pambali pa tosita, mphuno ili tcheru, kenako n'kuzula. Malaiti masiku amenewo ankabwera ndi kupita ngati mlendo wopanda ulemu, ndiye akangobwera m'mawa iye ankasiya zonse n'kuthamangira kubedi.

Vuto linali fungo. Buledi wootcha sasunga chinsinsi, ndipo makoma aja analibe pakamwa potseka. Yosefina anapeza nzeru: ankaika chiwaya pambaula panja, n'kusiyapo kachidutswa ka buledi kuti odutsa aone kumene fungo likuchokera.

"Koma amake Mphatso, chiwaya chanucho chili ndi mankhwala," anatero Leticia tsiku lina akununkhiza. "Changa chimangopsereza."

"Ndi dzanja, mnzanga," anayankha Yosefina akuseka.

Kambale ka Mphatso kanayamba kubwerako kopanda ngakhale nyenyeswa. Mwanayo ankadzuka yekha, osachita kumukoka mwendo. Matiyasi naye ankanyamula zake m'thumba la jekete kupita nazo ku Mwami, ndipo za kufunsa amake Boyd sanazitchulenso.

Koma mita siidziwa kusunga mawu a munthu. Mayunitsi amene ankafika kumapeto a mwezi anayamba kuthera panjira. Amake Boyd, mayi wamasiye wa mawu ochepa ndi maso ambiri, anaitana onse pabwalo Lamlungu atabwera kutchalitchi.

"Malaiti sakhalitsa n'komwe masiku ano, koma mayunitsi akutha ngati muli chigayo muno," anatero. "Wina ali ndi chinthu chotentha. Sindikufuna ndewu. Anene, tikambirane ngati anthu."

Kenako bambo wina wa chipinda cha kumapeto anati, "Funsani oluka tsitsiwa. Makasitomala awo amatuluka tsitsi lili gwa, amaliwongola ndi chiyani?"

"Ndi chipeso cha pambaula!" Leticia analumpha. "Lowani mukaone! Kodi kusakwatiwa ndi mlandu, kuti chilichonse chikasowa muziloza ine?"

Yosefina anaweramira mwana wake n'kumamukonza chipewa chimene chinali bwinobwino. Mawu anafika pakhosi, koma anaona maso a anthu onse aja atatembenukira kwa iye, anaona wilibala ija ya banja lakale, n'kuwameza. Usiku wake Matiyasi ananong'ona kuti, "Mwamva mmene amunenera Leticia, mwana wa eni? Kaululeni, kapena kaigulitseni." Yosefina anati, "Temu ya sukulu ino ithe kaye."

Tsiku la tsokalo linali la sikelo ya Chikondi. Malaiti anabwera kukucha, Yosefina n'kuthamangira kubedi monga mwa masiku onse. Matiyasi anali atapita kale. Yosefina anapaka majarini, anaika dzira, anatseka tosita. Isanafunde n'komwe, babu linangoti phethi, n'kuzima.

"Apita," anatero Mphatso, mlomo utagwa.

Nthawi yomweyo pachitseko panamveka kugogoda.

"Odi, amake Mphatso. Ndine."

Amake Boyd sankagogoda m'mawa popanda chifukwa. Yosefina anaikankha tosita ndi phazi kulowa pansi pa bedi, pakati pa thumba la zovala ndi katoni ya mabuku a Mphatso, n'kuponyerapo chitenje. Pulagi inali kuseri kwa bedi. Kuti aizule anayenera kukoka bedi, ndipo bedi yachitsulo ija inkalira ngati nkhumba. Anaisiya. Malaiti kulibe, anaganiza, ndizula akapita.

Amake Boyd analowa, maso akuyenda pang'onopang'ono kuchokera pashelefu kupita pawindo, kuchokera pawindo kutsikira pabedi.

"Ndikuyenda chipinda chilichonse, musadabwe," anatero. "Kwa Leticia ndachokako, kulibe kanthu. Mtsikanayo walira usiku wonse ndi mawu aja a pabwalo. Inu, mwana wanga, mulibe chondiuza?"

"Ine, amayi? Ndi chiyani chimene ndingakhale nacho? Onani nokha."

Amake Boyd anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Mphatso, amene anali ataima pakona, kambale kopanda kanthu kali m'manja, maso ali pansi pa bedi.

"Mphatso, belu lalira, thamanga!" anatero Yosefina msanga, akumuponyera mbatata yozizira m'kambale n'kumukankhira kunja.

"Chabwino," anatero amake Boyd. "Ndakhulupirira mawu anu." Koma sanapite. Anakhala pampando wa pakhomo n'kuyamba kufotokoza za mwendo wawo wotupa, za Boyd amene saimba foni, za mtengo wa makala. Yosefina ankangoti ee, inde, zoona, uku akumanga Chikondi kumsana. Dzuwa linali kukwera, ndipo kusikelo wochedwa amaweruka madzulo. Pomaliza anatulukira limodzi. Yosefina anakhoma loko amake Boyd akuona, kiyi n'kumangirira pangodya ya chitenje. Mtima wake unali utadzaza ndi mpumulo woti wapulumuka, moti za pulagi zinatsalira m'chipinda momwemo.

Kukiliniki mzere unali wautali. Amayi anakhala pamabenchi, ena pansi pa mtengo, ana akulira mopokezana. Yosefina anali atayandikira pasikelo, atamuvula kale Chikondi, pamene kutsidya kwa msewu wailesi ya ometa tsitsi inangobuka pakati pa nyimbo. Makina a owotcherera zitsulo anayamba kulira. Ana ena m'makwalala anakuwa: "Abwera! Malaiti abwera!"

"Mwamva? Lero atikumbuka msanga," anatero mayi amene anakhala pambali pake. "Ndikanadziwa ndikanasiya foni pachaja."

Pachaja. Pulagi. Yosefina anaiona tosita ija bwinobwino ngati ali nayo pamaso: pansi pa bedi, chitenje pamwamba, majarini mkati, matiresi a siponji akulendewera chapafupi. Galu uja anali womasula, ndipo mwini wake anali kutali.

"Amake Chikondi, ndi inu tsopano," anaitana anesi.

Iye anali atanyamuka kale, mwana wamaliseche akumuponya kumsana, zovala zake zili m'manja. Panja anaimbira Matiyasi.

"Ndili paboda, ndadikirira kasitomala," anatero Matiyasi. "Chavuta n'chiyani?"

Anamuuza mwachidule.

"Mayo! Imbirani amake Boyd pompano azimitse swichi yaikulu! Ali pakhomo, ndi kungotambasula dzanja!"

"Ndiwauza chiyani? M'mawa womwewu ndawayang'ana m'maso..."

"Auzeni zoona! Amake Mphatso, mukundimva? Imbani!"

Yosefina anadula foni. Anaimitsa wa njinga yahayala n'kukwera. "Ku Nabvutika, achimwene, palasani ngati mukuthawa njuchi." M'mutu mwake ankawerengera motere: buledi amatenga kanthawi kuti apserere. Ndikafika, nditsegula, ndizula, nditaya makalawo m'chimbudzi, nditsegula windo. Wina akafunsa ndidzati ndi thewera linagwera pambaula. Palibe adziwe. Chipinda chikhala chathu.

Pamphambano anapeza magalimoto aakulu opita ku Mwami atatsekereza msewu, akuyenda ngati maliro. Wa njinga anatsitsa phazi pansi. Pomwepo foni inalira. Pagalasi panaoneka dzina la amake Boyd.

"Amake Mphatso, muli kuti?"

"Ndili panjira, amayi. Ndikubwera."

"Kuno kukumveka fungo la chinthu chopserera. Leticia akuti likutsikira kwake kuchokera kwanu. Simunasiye mbaula m'nyumba?"

Mulungu anali atamutsegulira khomo lina, lalikulu, loti ngakhale ng'ombe n'kudutsa. Mawu ofunika anali ochepa: zimitsani swichi, thyolani loko. Yosefina ankadziwa ngakhale pamene mayiyo anaima, pakhomo pa nyumba yawo, swichi ili kumbuyo kwa chitseko pamwamba pa kalendala. Anatsegula pakamwa. Koma anamvanso mawu aja a m'mawa, ndakhulupirira mawu anu.

"Mbaula ili panja, amayi. Mwina ndi zinyalala akutentha kuseri."

"Mwatsimikiza, mwana wanga? Muli kanthu kalikonse m'chipindamo?"

"Mulibe. Ndafika kale, musavutike."

Magalimoto atadutsa, wa njinga anapalasa mpaka tcheni chinalira. Chikondi anali kukuwa kumsana. Atakhota pagolosale ija ya buledi wogona, Yosefina sanafunikirenso kuwerengera. Utsi wakuda unali tolo pamwamba pa mdadada, ukutuluka m'mphepete mwa malata kuyambira chipinda choyamba mpaka chomaliza, chifukwa makoma osafika kudenga aja anaupatsa njira. Anatsika njinga isanaime n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, patapata imodzi n'kutsalira m'ngalande.

Pabwalo panali chipwirikiti. Anthu ankatulutsa katundu m'zipinda zawo, ma TV, mabulangete, mbale zikugwa. Bambo uja wa kumapeto anali kumenya loko wa Yosefina ndi nkhwangwa. Amake Boyd anaima pakati pa bwalo, manja ali kumutu, akungofunsa kuti, "Koma moto wachokera kuti? Mwini wake akuti mulibe kanthu!" Loko anaduka, chitseko chinatseguka, utsi n'kutuluka ngati ng'ombe yothawa m'khola. Mkati matiresi anali lawilawi, siponji ikudontha moto, ndipo kuseri kwa bedi kunkamveka kuthetheka, mbaliwali zabuluu zikulumpha pakhoma.

Woyamba kufika pakhomo ndi ndowa anali Leticia. Anali wopanda nsapato, chitenje chitanyowa, ataima m'madzi amene anatayika pothamanga. Anakweza ndowa yachitsulo ija kuti akhuthulire pabedi.

Apa ndiye manyazi anathawa. Yosefina anakuwa ndi mawu amene iye mwini sanawadziwe.

"Leticia, usathire! Muli malaiti! Amayi, zimitsani swichi! Muli tosita pansi pa bedi, ndi yolumikiza! Ndi yanga! Zimitsani!"

Leticia anaima, ndowa ili m'mwamba, madzi akumutsikira m'mikono. Amake Boyd anamuyang'ana Yosefina kamodzi kokha, n'kuthamangira m'nyumba mwawo ndi mwendo wotupa womwewo. Wailesi ya m'chipinda china inangoti zii. "Ndazimitsa! Thirani!"

Madzi, mchenga, nthambi zaziwisi, zigubu za anthu onse zimene anatunga m'mawa. Yosefina anapatsira mayi wina mwana n'kulowa mu utsi kukakoka katoni ya mabuku, koma chimene anagwira chinali phulusa lotentha ndi siponji yosungunuka, imene inamukakamira padzanja. Anthu anamukokera kunja akutsokomola. Moto utagonja, wina anaikoka tosita ndi khasu n'kuiika pakati pa bwalo. Anaitsegula ndi nsonga ya khasu lomwelo. Mkati munali timakala ta makona atatu, tokonzedwa bwino, totsekeka m'mbali.

Chimene anakana kuuza munthu mmodzi pafoni, tsopano Nabvutika yense anali atachimva ndi makutu ake.

"Ndi dzanja, mnzanga," anatero Leticia. "Si mmene munandiuzira? Ine ndikutukwanidwa pabwalo pano, inu mukukonza chipewa cha mwana. Lero mukanandiphanso."

Yosefina anakhala pansi, dzanja lili m'beseni la madzi. Amake Boyd anabwera n'kuima patsogolo pake. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunawawa kuposa mbama.

"Ndinakufunsani pabwalo. Ndinakufunsani m'chipinda. Ndakufunsani pafoni, dzanja langa lili pafupi ndi swichi. Mukanati amayi zimitsani, bwenzi tataya buledi yekha."

"Ndinaopa kuti mundithamangitsa, amayi. Ngati aja a kasitovu."

"Aja sindinawathamangitsire sitovu. Mphunzitsi amene ankakhala kumapetoko anali ndi simbi ya malaiti chaka chonse. Anabwera, tinakambirana, ankawonjezera pamayunitsi, nkhani inatha. Aja ndinawathamangitsa chifukwa anandiyang'ana m'maso n'kundinamiza. Nyumba ya denga limodzi sukhala ndi munthu amene mawu ake sungawagonere."

Mphatso anafika masana, chikwama kumsana, mbatata ija ili m'kambale osaikhudza. Anayang'ana chitseko chothyoka, anayang'ana tosita pabwalo, kenako dzanja la amake lokulungidwa nsalu.

"Amayi, mabuku anga a homuweki?"

Yosefina anayang'ana kumbali.

Zimene zinapita ndi izi. Bedi ndi matiresi. Zovala zonse kupatula zimene anavala tsikulo. Mabuku a Mphatso ndi yunifolomu yake yosinthira. Mtedza wotsala uja wa amayi ake, umene ankasungira mbewu. Chitseko, mawaya a zipinda ziwiri ndi malata amene anapindika, zimene Matiyasi anavomera kukonzetsa, moti njinga inayenda miyezi yambiri ikudyetsa nyumba ya eni. Mawigi ndi ulusi wa makasitomala a Leticia, zimene zinanunkha utsi osachapika, ndi chinansi cha Leticia yemweyo, amene mpaka lero akakumana naye amayang'ana kwina. Khungu la padzanja lamanja, limene linapola mokokana, moti kufinya thewera kumamutengera nthawi. Ndi chipinda.

Chipinda china cha mtengo umene akanakwanitsa sichinapezeke, pakuti mbiri ya moto imafika kwa eni nyumba mwini wake asanafike. Matiyasi anakagona kwa mkulu wake, Yosefina ndi ana anakwera galimoto ya ku Kasenengwa. Kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje anati chaka chapita kale patali, mwanayo adikire Januwale, adzabwereze kalasi. Mphatso, amene ankamva belu ali pakhomo, anakhala miyezi imeneyo akuingitsa nkhuku.

Inali nyengo yoti anthu akolola, minda ili mbee. Madzulo ena Yosefina akuchokera kudimba anapeza amalume ake akufukiza mbewa pachulu, udzu wouma ukufuka pakamwa pa una. Mbewa zina zinkatumphuka, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, zina kukwapulidwa, zina kupulumukira m'tchire. Utsi utatha anakumba, ndipo pansi penipeni anapeza imodzi yonona, itadzipinda, yopanda bala lililonse. Njira yotulukira inali yotseguka nthawi yonseyo. Yosefina anaiyang'ana, anayang'ana dzanja lake, n'kusenza mtolo wake wa ndiwo kumapita.

Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.